Maampu Awiri a Malume

Anzanga ambiri a Fomu 2 mwakhala mukundifunsa kuti kabokosi kakuda kaja tinaimbira tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4 chaka chatha kanapita kuti. Ena mukuti kanapsa, ena mukuti kanabedwa, wina mpaka anandiuza pamaso kuti ndinakagulitsa mobisa n'kugula foni. Foni yake iti, poti ndilibe? Ndiye ndaona kuti ndingolemba pano pakhoma aliyense awerenge yekha, ndisamangobwereza nkhani imodzimodzi pa buleki paliponse.

Kabokosi kaja ndi ampu ya gitala. Kugulitsidwa kanagulitsidwadi, koma anagulitsa ndi eni ake, malume anga. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti mbali ina ndinachititsa ndine.

Malume anakhala ku Joni zaka 9. Mkati mwa sabata ankasamala maluwa ndi kapinga pa nyumba ya bwana wina ku Randburg, Lamlungu ankaimba gitala ku tchalitchi cha Amalawi anzawo. Anthu ena pobwera kumeneko amatsika ndi firiji, sofa kapena ndalama ya malata. Iwo anatsika ndi chikwama chimodzi, gitala limodzi ndi maampu awiri. Agogo ataona katunduyo anangoti, "Ndiye tizidya mabokosiwa?" Kuyambira tsiku limenelo agogo sanawatchulepo dzina lina, kwa iwo ndi mabokosi basi.

Yaing'onoyo, imene mumaidziwa inu, ndi Fender Blues Junior ya ma watts 15. Anawapatsa ndi bwana wawo pamene ankasamukira kunja. Yaikuluyo ndi Marshall Valvestate 8080 ya ma watts 80, imene anagula okha yogwiritsa kale ntchito pa shopu ina mu Johannesburg. Onse awiri ali ndi sipika imodzi ya mainchesi 12, onse awiri tinachita kuwadula pulagi ya ku Joni ya mano obulungira n'kuikapo yathu ino. Ukawaona kutsogolo ungati n'chimodzimodzi, kusiyana kukula kokha. Kusiyana kwenikweni kuli kumbuyo.

Mukasuzumira kumbuyo kwa Fender muona timabotolo tagalasi tisanu titalendewera chadodolido. Malume amati mavalavu, ine ndinazolowera kuti machubu. Atatu aang'ono ndi 12AX7, awiri otalikirapo ndi EL84. Mkati mwake mulibe mpweya. Muli kawaya kamene kamatenthedwa mpaka kufiira, ndipo kutenthako ndi kumene kumachititsa kuti ma electron adumphe kuchoka pa kachitsulo kena kupita pa kanzake. Pakati pawo pali kawaya kena kopota ngati sefa. Magetsi ochepa kwambiri ochokera ku gitala akafika pa kasefako, amatsegula ndi kutseka njira ya magetsi ambiri, ngati mwana wamng'ono amene waima pa geti la khola n'kumalamula ng'ombe zonse. Mawu amakula motero.

Ampu iliyonse ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba amati preamp, chimalandira mawu a gitala akadali ofooka n'kuwakonza kamvekedwe. Chachiwiri ndi champhamvu, chimene chimakankha sipika. Mu Fender zigawo zonse ziwiri zimayendera machubu, ndiye amati ndi ya machubu okhaokha. Mu Marshall muli chubu chimodzi chokha, mu chigawo choyamba, ndipo ntchito yonse yokankha sipika amagwira ndi mathiranzisita, tinthu touma topanda galasi ngati timene tili mu wayilesi ya kunyumba kwanu. Chubu chakecho palembedwa ECC83, koma malume anandiuza kuti ndi 12AX7 yemweyo, kungoti ku Ulaya amamutchula choncho. Mtundu wosakaniza umenewu amati haibulidi. A Marshall anayamba kutulutsa ma Valvestate mu 1991, ndiye yathuyi mwina ndi yaikulu kuposa achimwene anga oyamba kubadwa.

Nditangomva mawu akuti haibulidi ndinaseka, chifukwa ndinaganiza za chimanga. Ndipo zikufananadi pang'ono. Chimanga cha lokolo nsima yake ndi yokoma, koma nkhokwe siidzadza. Haibulidi amabereka zedi, koma agogo amati ufa wake suchedwa kutha m'mimba. Kungoti fanizoli silifika patali. Chimanga cha haibulidi ndi chimene chimafumbwa msanga, pamene pa maampu yolimba ndi ya haibulidiyo, ya lokolo ndi imene imafuna kuileza ngati khanda.

Machubuwa si zinthu zatsopano ayi. Chubu chokuza mawu anachipanga ndi Lee de Forest mu 1906, thiranzisita inabwera mu 1947. Aphunzitsi athu a History nditawafotokozera anandiuza kuti ngakhale kawayilesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949 ndipo anthu a mu Nyasaland ankamverera nako mapulogalamu a Chinyanja ochokera ku Lusaka, kanali ka machubu. Dziko lonse linawasiya kalekale, mu wayilesi, mu TV, pafupifupi ponseponse. Ena mwa amene akukakamirabe ndi oimba magitala. Poyamba ndinkaona ngati n'kuuma mutu chabe.

Ndinasintha maganizo usiku wina mu June. Mukudziwa mmene kumazizirira kuno, nkhungu itatsika kuchokera ku mapiri mpaka osaona khola uli pakhonde. Malume analumikiza Fender ku inveta n'kuyatsa. Siilira nthawi yomweyo, umadikira kaye pang'ono kuti machubu atenthe, ndipo mu mdima umawaona akufiira ngati makala. Kenaka anayamba kukhwatcha nsambo pang'onopang'ono. Akakhudza mofatsa, mawu amatuluka oyera, onenepa, ngati munthu akukuyankhula chapafupi. Akamenya ndi mphamvu, mawu omwewo amasasa pang'ono, koma kusasa kokoma, ngati kwa mayi wotsogolera nyimbo pa maliro amene waimba usiku wonse. Sanakhudze batani lililonse, zonsezo zimachokera ku dzanja. Anandipatsa gitala kuti ndiyese, ndipo ndinachita manyazi, chifukwa ampuyo imaulula chilichonse. Chala chikaterereka, imanena.

Ine kuimba ndinaphunzirira pa gitala la chigubu cha mafuta ophikira, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga. Sindilinyoza. Allan Namoko anatchuka dziko lonse ndi banjo, ndipo a Madalitso Band afika mpaka ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha. Koma usiku umenewo ndinamva chinthu chimene chigubu changa sichinandiuzepo, ndipo ndinagona mochedwa ngakhale mawa lake kunali mayeso a Agriculture.

Tsiku lotsatira ndinapempha kuti tiyese Marshall pa nyimbo yomweyo. Iyo ukangoyatsa yayamba kale. Mawu ake ndi akuthwa, owala, ndipo ndi amphamvu. Ukamenya mofatsa ndi oyera, ukamenya kwambiri ndi oyerabe, kungokwera basi. Ili ndi mbali ina ya mawu osasa, ya nyimbo za rock, koma kusasa kwake kumamveka ngati ukung'amba chitenje, ndipo ifeyo sitiigwiritsa ntchito. Sindikunena kuti ndi yoipa. Ikumveka ngati mphunzitsi wabwino pa asembule: aliyense amva, mpaka wa kumbuyo, koma sakuyankhula ndi iwe wekha.

Wina angaganize kuti ma watts 80 ndiye kuti ikusokosera kasanu kuposa ya 15. Si choncho. Kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri, mphamvu imayenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. M'nyumba kapena mu kalasi ka Fender kamagonthetsa ndithu, munamva nokha. Vuto limabwera panja. Pa ukwati, pabwalo, pali ng'oma, pali jenereta ikulira, pali amayi akululutira, umayenera kukweza kwambiri, ndipo ukakweza choncho kamangosasa nyimbo yonse. Pamene nyimbo zimene anthu amafuna kuno ndi za kwaya ndi zija zothamanga ngati za Alick Macheso, zimene gitala lotsogolera liyenera kumveka loyera, nsambo iliyonse payokha. Pamenepo Marshall imapambana mosachita kufunsa.

Tsopano ndinene cholakwa changa, chifukwa ndi pamene nkhani inayambira kupendekeka.

Mu August tinaitanidwa ku chinkhoswe kumudzi wina cha kumalire. Marshall inali itabwerekedwa ku tchalitchi, ndiye tinatenga Fender. Titamaliza, malume anatsalira kuti alandire ndalama, n'kundiuza kuti ndidikire kaye izizire ndisanainyamule. Ine ndinaona kuti kukuda, ndinaimanga pa kaliyala ndi malegeni ikadali yotentha, n'kuyamba kutsetsereka. Msewu wake ndi wa miyala ndi mabampu, ndipo kabokosi kaja ngakhale kamaoneka kakang'ono kamalemera pafupifupi makilogalamu 14. Pa chigwembe china njinga inandikana, tonse tinagwera mu udzu. Ndinadzuka, ndinaipukuta, ndinaona kuti kunja kulibe chosweka. Kunyumba sindinanene kanthu.

Patapita masiku awiri malume anayatsa. Inamveka mofooka, mawu ngati a munthu wa chimfine, ndipo anazimitsa nthawi yomweyo. Anaitembenuza, n'kundiitana. "Mphwanga, tabwera uone." Chubu chabwinobwino chimakhala ndi banga lonyezimira ngati kalilole kumutu kwake. Chimodzi mwa ma EL84 aja bangalo linali litayera ngati phulusa. Anati mpweya ukalowa mkati ndi mmene limasinthira, ndipo mpweya sulowa wokha, galasi limakhala lang'aluka. Sanandifunse kuti wagwetsa kapena ayi. Anangondiyang'ana, ine n'kuyamba kulira ndekha ngati mwana wa Sitandade 1. Bola akanandikalipira.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti chubu si babu loti ukagula pa gulosale. Malume anafunsa kwa okonza mawayilesi pa Tsangano Turn-off, anafunsa pa boma pa Ntcheu, onse amangochitembenuza m'manja n'kubweza. Mmodzi anati anachionapo komaliza ali mnyamata. Mafakitale opanga machubu otere atsala owerengeka, ku Slovakia, ku Russia ndi ku China. Komanso ma EL84 awiriwo amagwira ntchito mothandizana, wina akukankha wina akukoka, ndiye amagulidwa awiri ofanana mphamvu, osati chimodzi. Anachita kutuma mnzawo wa ku Joni, mnzawoyo n'kupatsira wa thiransipoti, ife n'kumadikira. Anafika mu October atakulungidwa mu masokosi. Miyezi iwiri yonseyo amene ankatidyetsa ndi Marshall: maukwati atatu, msonkhano wa tchalitchi umodzi, osadwala ngakhale tsiku limodzi, chonsecho nayonso imayenda pa kaliyala yemweyo.

Ndinafunanso kutsegula kumbuyo kwa Fender kuti ndione mkati mwenimweni, malume anandimenya padzanja. Anati machubu amagwira ntchito ndi ma volts opitirira 300, ndipo magetsi ena amatsalira mkatimo ngakhale utazula pulagi. Anandiuzanso kuti ampu ya machubu usamaiimbe sipika itazulidwa, ungaotche thiransifoma. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti mu kalasi mwathu muli akatswiri ena amene chilichonse amafuna kuchitsegula ndi mpeni.

Nkhani ina ndi ya batire. Kwathu magetsi a ESCOM sanafike, tili ndi sola imodzi, batire limodzi ndi kainveta kotchipa kamene kamachititsa maampu onse awiri kulira ngati njuchi chapansipansi. Ndinkadabwa kuti bwanji tikaimbira Fender, yaing'ono, batire limatha msanga, mpaka ine kusowa nyale yowerengera. Titaphunzira mu Physics kuti mphamvu ndi ma volts kuchulukitsa ndi ma amps, ndinatenga manambala amene malume analemba mu kope lawo n'kuwerengera ndekha. Kawaya kotenthetsa chubu kamafuna ma volts 6.3. Chubu cha 12AX7 chimakoka ma amps 0.3, atatu ndiye 0.9. Cha EL84 chimakoka 0.76, awiri ndiye 1.52. Kuphatikiza ndi 2.42, kuchulukitsa ndi 6.3 ikubwera ma watts 15 ndi pang'ono. Tamvani: ma watts 15 ongotenthetsa, usanakhudze n'komwe nsambo, kuwonjezera pa ena amene machubu amadyabe ali chete. Chubu chimodzi cha mu Marshall kutenthetsa kwake sikufika ndi ma watts awiri omwe, ndipo mathiranzisita amakoka kwambiri pokhapokha ukakweza mawu. Ndinakaonetsa aphunzitsi, anachonga, anati ndikanamachita chonchi pa mayeso bwenzi zinthu zili bwino.

Sindinkadziwa kuti samu imeneyi ndidzaigwiritsa ntchito pa mlandu.

Mu November mvula itayandikira, panyumba panalibe ndalama ya fetereza. Mbatata ya kudimba tinagulitsa motchipa, mavenda a pa Turn-off anachita kutiuza okha mtengo, ndipo ina yotsala inapita ku chipatala ndi agogo. Inu nonse mukudziwa kuti kachewere wopanda fetereza ndi mankhwala a chiwawu n'kungotaya mbewu. Ndipo kwathu mbatata ndiye yunifolomu yanga, makope anga, ndi matayala a njinga imene ndimabwerera kuno m'mawa uliwonse. Bambo anga kulibe, amene amaona za sukulu yanga ndi malume.

Tinakhala pansi madzulo, amayi, agogo, malume ndi ine. Mbuzi tili nazo ziwiri zokha ndipo zonse zinali ndi bere. Agogo sanazungulire. Anati, "Bokosi limodzi lipite." Malume anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati agulitsa Marshall. Anati ndi yaikulu, anthu a matchalitchi amaikonda, ipita msanga.

Ine sindinayenere kuyankhula pa akuluakulu, koma ndinayankhula. Ndinati, "Malume, pepani, koma mukagulitsa Marshall tizikaimbira chiyani ku maukwati?" Ndinawakumbutsa za miyezi iwiri ija. Ndinawakumbutsa za batire, mpaka ndinakatenga kope langa la Physics. Ndinati chubu china chikadzafa tidzadikiranso wa thiransipoti, pamene cha mu Marshall ndi chimodzi, chaching'ono, ndipo machubu aang'onowo amakhalitsa kuposa akuluakulu aja. Ndinatinso mnzawo wa ku Joni uja ananena yekha kuti Fender ndi imene ili ndi mtengo wabwino ikapeza munthu woidziwa, pamene Marshall yakale ngati yathuyi anthu saiwerengera kwenikweni. Zonse zimene ndinanena zinali zoona. Koma ndikuyankhula ndinkaona nkhope ya malume, ndipo ndinkadziwa kuti ndikuwalanda chinthu chokhacho chimene anabwera nacho ku Joni chimene sichinali cha ntchito. Marshall amaimbira anthu. Fender ankaimbira okha, usiku, tonse titagona.

Iwo anayesa kukana. Anati ampu ngati imeneyo ikapita siidzabweranso pa Tsangano, ndipo ine ndidzakula osadziwa kuti gitala limamveka bwanji likamapuma. Anati haibulidi ndi kapu ya tiyi imene aikamo supuni imodzi ya mkaka kuti azinena kuti ndi tiyi wamkaka. Amayi anaseka, kenaka anati, "Achimwene, tiyi ameneyo ndi amene akutisunga." Zinathera pomwepo.

Wogula anapezeka patatha sabata ndi theka, bambo wina wa ku Lilongwe amene ali ndi situdiyo yojambulira nyimbo. Anaona zithunzi pa WhatsApp kudzera kwa mnzawo wa malume. Tinapangana kukumana pa Turn-off, pa msewu wa M1. Ulendo uno ndinaikulunga mu bulangete la agogo n'kuifukata pamiyendo pa njinga yamoto njira yonse, fumbi lili kobo, manja mpaka kuchita dzanzi. Bamboyo anapempha soketi pa shopu ina yometera, anatulutsa gitala lake m'galimoto, anadikira kuti itenthe osauzidwa ndi munthu. Anasuzumira kumbuyo n'kufunsa ngati ma EL84 anagulidwa limodzi. Malume anati eya, ndi atsopano, a mu October. Sananene chifukwa chake anasinthidwa, ndipo ine ndinayang'ana pansi.

Ataimba, amayi ogulitsa kabichi ndi anyezi anasiya malonda n'kubwera pakhomo. Anati mu situdiyo safuna ampu yosokosera, amaika maikolofoni pafupi ndi sipika, ndiye ma watts 15 ndi okwana bwino. Ndinamva kuwawa komanso ndinaona kuti mwina kumeneko ndiye kwawo kwa kabokosi kaja, kumene kuli magetsi a pakhoma ndipo palibe mwana woigwetsa pa chigwembe. Sananenerere kwambiri. Ndalama yake tinagula matumba awiri a fetereza ndi mankhwala opopera, yotsala malume anandigulira tayala lakumbuyo ndi nyale yaing'ono ya sola yangayanga, kuti ndisamalimbirane batire ndi gitala pamene JCE ikuyandikira.

Pobwerera sitinayankhulane. Kwa masabata atatu malume sanakhudze gitala usiku. Ku tchalitchi ankaimba, ku ukwati ankaimba, koma kunyumba ayi. Chubu chong'aluka chija sanataye, chili pa windo m'chipinda mwawo pafupi ndi Baibulo, ndipo ndikamasesa ndimachizungulira.

Sabata yatha ndinawapeza atakhala ndi Marshall pakhonde, atatsitsa batani la treble pafupifupi mpaka pansi, akuimba ndi chala m'malo mwa pikisi. Anati akufunafuna mawu aja. Ndinafunsa ngati awapeza. Anati ayi, koma pali penapake pamene akuyandikira, ndipo anandipatsa gitala kuti ndigwire rhythm iwo akupotokola mabatani. Tinaimba mpaka agogo anatikalipira kuti bokosi lotsalalo nalonso aligulitsa.

Mbatata yachita maluwa tsopano, ndipo chiwawu sichinatipeze kwambiri chifukwa tinapopera nthawi yabwino. Loweruka likubwerali tikuimba pa ukwati kuseri kwa msika, kuyambira 1 koloko. Amene munamva Fender tsiku lija mu kalasi bwerani mudzamve Marshall, Lolemba mudzandiuze ngati khutu lanu laona kusiyana. Amene ali ndi njinga yolimba kaliyala andipeze Lachisanu tikaweruka, yanga yayambanso kulira sipoko.